Mpingo ukakuvulazani: mmene mungachirire osataya chikhulupiriro

Lamulungu lina m'mawa ndinavala, ndinatenga Baibulo, ndinafika mpaka pakhomo la tchalitchi, koma miyendo inakana kulowa. Mkati ankaimba nyimbo imene ndinkaikonda kuyambira ndili mwana. Mtima unkagunda ngati ndathamanga mtunda wautali, m'manja muli thukuta lokhalokha, ndipo ndinabwerera kunyumba n'kukagona chofunda kumutu. Panali patatha miyezi inayi chichokereni mumpingo umene ndinatumikiramo zaka zambiri, kumene m'busa anatenga nkhani yomwe ndinamuuza mwachinsinsi n'kukailalikira pa guwa. Dzina sanatchule, koma aliyense anadziwa amene akunenedwa. Tchalitchi chimene ndinaima pakhomo pake tsiku limenelo chinali china, cha anthu osalakwa, koma thupi langa silinasiyanitse.

Ndikulembera inu amene munanyozedwa pamaso pa anthu, amene munakamidwa ndalama mpaka kulowa m'ngongole, amene munatchedwa wa ziwanda chifukwa chofunsa funso, amene munagwiriridwa ndi munthu yemwe munkamutcha bambo wauzimu, komanso inu amene simungaloze chinthu chimodzi chachikulu koma munatuluka mumpingo muli otopa ndi amantha. Zili m'munsimu ndaziika motsatana mwadala. Anthu ambiri okufunirani zabwino amakuyambitsani ndi kukhululuka ndi kupeza mpingo wina, chikhalirecho zimenezo ndi za kumapeto. Wothyoka mwendo samuyambitsa ndi liwiro.

Choyamba: tchulani chimene chinachitika

Tengani kope ndi cholembera, mulembe zimene zinachitika monga mmene mboni imafotokozera: tsiku, malo, amene analipo, mawu amene ananenedwa. Musayambe ndi kuikira aliyense kumbuyo. Zoti abusa anali atatopa, kapena zoti mwina Mulungu ankakuyesani, zisiyeni kaye. Lembani kuti anandiuza kuti ndikapanda kupereka ndalama zakutizakuti mwana wanga adwala. Lembani kuti anandiletsa kuyankhula ndi mchemwali wanga chifukwa sapemphera nafe. Munthu amene wakhala akuuzidwa kwa zaka kuti maganizo ake ndi a Satana amafika poleka kukhulupirira ngakhale maso ake omwe. Mawa mukayamba kudzikayikira, mudzawerenga zimene dzanja lanu linalemba.

Mukatero, siyanitsani. Si chokhumudwitsa chilichonse chimene chili nkhanza. Paulo ndi Barnaba omwe anakangana chifukwa cha Marko mpaka kupatukana njira, monga tikuwerenga kumapeto kwa Machitidwe 15. Kudzudzulidwa mwaulemu pa tchimo lenileni kumawawa ndithu, koma kumakusiyani muli munthu. Nkhanza zauzimu zili ndi fungo lake: wina akugwiritsa ntchito dzina la Mulungu, Baibulo kapena udindo wake kuti akulamulireni, akudyereni kapena akutsekeni pakamwa, ndipo mukadandaula mlandu umatembenukira kwa inu. Munalowa m'chipinda kukanena kuti mwalakwiridwa, mukutulukamo mukupepesa.

Baibulo silibisa zoti zimenezi zimachitika m'nyumba ya Mulungu. Ana a Eli, ansembe enieni a ku Silo, ankalanda nyama ya nsembe mokakamiza ndipo ankagona ndi akazi otumikira pakhomo la chihema. Zili pa 1 Samueli 2. Mutu 34 wa Ezekieli ndi mlandu wa abusa odzidyetsa okha, amene sanalimbikitse nkhosa zofooka, sanamange zothyoka, sanafune zotayika, koma ankazilamulira mwamphamvu ndi mwankhanza. Kalata yachitatu ya Yohane, yomwe ndi yaifupi moti mungaiwerenge mutaimirira, imatchula Diotrefe, munthu wokonda kukhala woyamba, amene ankachotsa mumpingo aliyense wolandira abale amene iye sankawafuna. Ndipo pa 2 Akorinto 11:20 Paulo akudabwa ndi Akhristu ololera munthu wowasandutsa akapolo, wowadyera, ngakhale wowamenya mbama. Mukamatchula nkhanza kuti nkhanza simukunyoza mpingo. Mukuchita zimene aneneri ndi atumwi anachita.

Chachiwiri: dzitetezeni

Bala silipola munthu akamaligunda tsiku ndi tsiku. Ngati amene anakuvulazani akadali pa udindo ndipo palibe chasintha, muli ndi ufulu wochoka, ndipo simufunika chilolezo chake. Uthenga waufupi wonena kuti mwasiya kusonkhana nawo ndi wokwanira. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Musadzivute ndi kufotokozera aliyense, chifukwa mawu anu adzawapotoza n'kukawalalikira. Akakuitanani kuti mukakambirane, musapite nokha. Tengani munthu wosankha inu, ndipo mudziwiretu kuti mukhoza kuimirira n'kutuluka nthawi iliyonse zokambiranazo zikasanduka bwalo lokuzengani mlandu.

Musanatuluke m'magulu a WhatsApp kapena kutseka manambala, sungani kaye mauthenga, mawu ojambulidwa ndi malisiti a ndalama zimene munatumiza, makamaka pamalo ena osati pa foni yokhayo. Imitsani ndalama zimene zimadulidwa zokha mwezi ndi mwezi. Ngati munasainira mapepala okhudza malo, nyumba kapena galimoto, kaonaneni ndi loya musanalonjeze china chilichonse.

Pali zinthu zimene si za akulu a mpingo okha. Kugwiririra, kumenya, kuchitira ana zachipongwe ndi kuba mwachinyengo ndi milandu, ndipo milandu imapita kupolisi. Ena amatenga Mateyu 18, pamene Yesu anati m'bale akakuchimwira upite ukamuuze muli awiri, n'kukakamiza mtsikana wogwiriridwa kuti akakhale m'chipinda ndi womugwirira. Mutu womwewo, pa vesi 6, Yesu akunena za mphero yomangiriridwa m'khosi mwa munthu wokhumudwitsa ana, ndiye musalole kuti mawu ake akhale chobisalira cha achifwamba. Paulo atamenyedwa popanda mlandu ku Filipi anakana kutulutsidwa m'ndende mwakachetechete. Anauza akuluakulu a mzindawo kuti abwere okha. Pambuyo pake anachita apilo kwa Kaisara. Ngati kugwiriridwako kwachitika kumene, thamangirani kuchipatala: mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ngati padutsa zaka, mlandu suola, makamaka ngati pali ana ena amene akadali pafupi ndi munthuyo.

Ndipo ngati munauzidwa kuti musiye ma ARV, mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena a matenda a maganizo pofuna kuonetsa chikhulupiriro, bwererani kuchipatala sabata ino, mukawauze madokotala zoona za nthawi imene mwakhala osamwa. Luka, mnzake wa Paulo, anali dokotala. Paulo yemweyo, amene anapempherera odwala ambiri n'kuchira, analemba kuti anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo sananene kuti Trofimo analibe chikhulupiriro.

Chachitatu: gonani, idyani, pezani munthu mmodzi

Mneneri Eliya atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Pa 1 Mafumu 19 mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye, anamusiya agonenso, anamudzutsanso kachiwiri kuti adye, ndipo zoyankhulana ndi Mulungu zinadzachitika patapita masiku 40, ku phiri la Horebu. Kusowa tulo, maloto oipa, kunjenjemera mukamva nyimbo inayake kapena mawu a munthu wokuwa pa maikolofoni, zimenezi ndi mmene thupi limachitira likakhala nthawi yaitali m'mantha. Si ziwanda, ndipo si umboni woti Mulungu wakusiyani. Ino si nthawi ya kusala kudya masiku ambiri kapena kuchezera usiku wonse. Zikapitirira kwa masabata ambiri mpaka kukulepheretsani ntchito, pitani kwa wopereka uphungu amene anaphunzira ntchitoyo, kapena kuchipatala. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu lero lomwe ndipo musakhale nokha.

Funani munthu mmodzi kapena awiri oti muziwauza zakukhosi. Akhale a kunja kwa mpingo munachokawo, osunga chinsinsi, otha kumva nkhani yonse osathamangira kuikira abusa kumbuyo kapena kukuponyerani vesi. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete. Anadzalakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake akuvutika, ndipo kumapeto Mulungu anawakwiyira. Ngati munatalikirana ndi abale anu chifukwa mpingo unati ndi adani a chikhulupiriro chanu, yambani ndi mmodzi amene mukuona kuti sakusekani. Kudula anthu kwa abale awo ndi chida chakale cha atsogoleri oipa. Jim Jones, mtsogoleri wa gulu lina lachipembedzo la ku United States, anasamutsira omutsatira ake kunkhalango ya ku Guyana, dziko la ku South America, kutali ndi aliyense wowadziwa, ndipo pa 18 November 1978 anthu oposa 900 anafera kumeneko tsiku limodzi. Magulu ambiri safika pamenepo, koma chiyambi chake chimafanana: tikhulupirire ife tokha.

Chachinayi: landaninso Baibulo lanu

Apa ndipo pali ntchito yaikulu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Munthu amene anamenyedwa ndi mavesi amati akatsegula Baibulo amamva mawu a womumenyayo. Mankhwala ake ndi kutenga mavesi omwewo, limodzilimodzi, n'kuwabwezera pamalo pake. Lembani mavesi atatu kapena anayi amene ankakuopsezerani. Pa lililonse werengani mutu wonse, kenako mudzifunse kuti akuyankhula ndani, akuuza yani, ndipo chinachitika n'chiyani kuti ayankhule choncho. Anthu a ku Bereya ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona, ndipo Machitidwe 17:11 amawayamikira. Ngati Paulo ankafufuzidwa, palibe mlaliki amene ali pamwamba poti sangafunsidwe.

Tiyambe ndi lotchuka lija loti musakhudze odzozedwa anga. Lili pa Salimo 105:15. Werengani kuyambira vesi 12, muona kuti akunena za makolo a Aisraeli pamene anali anthu ochepa, alendo oyendayenda m'mayiko a eni, ndipo amene akuchenjezedwa ndi mafumu. Ndi chenjezo kwa amphamvu kuti asapondereze ofooka. Ena amatchula Davide amene anakana kupha Sauli m'phanga. Zoona, sanamuphe. Koma pa 1 Samueli 24 Davide anatuluka m'phangamo, anamuitana Sauli mokweza n'kumuuza maso ndi maso kuti akusaka munthu wosalakwa. Kusatambasula dzanja pa wodzozedwa kunali kusamupha, osati kukhala chete. Paulo naye anadzudzula Petro pamaso pa onse ku Antiokeya, monga akufotokozera pa Agalatiya 2. Ine ndimachita mantha ndi mtumiki aliyense amene vesi limeneli limakhala pafupi ndi lilime lake; wosalakwa amayankha funso, sathamangira kuopseza wofunsayo.

Lina ndi la pa Ahebri 13:17, loti muzimvera atsogoleri anu. Vesi lomwelo likupitiriza kuti iwo adzayankha mlandu pa miyoyo yanu. Liikeni pambali pa 1 Petro 5:2-3, pamene akulu akuuzidwa kuti asawete nkhosa chifukwa cha phindu lonyansa kapena mochita ufumu pa izo, ndi pa 1 Timoteyo 5:19-20, pamene pali njira yolandirira mlandu wa mkulu wa mpingo ndi kumudzudzula poyera. Mpingo woyamba unkadziwa kuti mtsogoleri akhoza kulakwa, n'chifukwa chake unaikiratu njira.

Pa za ndalama, Akhristu amasiyana maganizo pa chakhumi, ndipo mkangano umenewo sindiulowa. Koma dziwani kuti buku la Malaki, limene anthu amatengamo temberero la pa mutu 3, layamba ndi kudzudzula ansembe m'mitu iwiri yoyambirira. Pa Deuteronomo 14:28-29 chakhumi cha chaka chachitatu chinkadyedwa ndi Alevi pamodzi ndi alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Pa 2 Akorinto 9:7 Paulo akuti munthu apereke monga watsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa. Ndipo Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti atayike nazo ndalama zakezo. Kugulitsa madalitso si kwachilendo. Ndi nkhani yofanana nayo, ya kugulitsa zikalata za chikhululukiro, imene inachititsa Martin Luther kulemba mfundo zake 95 mu 1517.

Nanga temberero limene anakutembererani potuluka, loti simudzaona mwayi, banja lanu litha, bizinesi igwa? Miyambo 26:2 imati temberero lopanda chifukwa lili ngati mbalame yongouluka, silitera. Chovuta n'chakuti mavuto amabwera kwa aliyense, ndiye tsiku limene mwana adzatenthe thupi mudzakumbukira mawu aja. Zikatero dzifunseni ngati ana a anthu otsala mumpingomo sadwala.

Funso lina limene anthu amachita nalo manyazi ndi ili: ngati amene anandibatiza anali wachinyengo, ubatizo wanga ndi woona? Funsoli ndi lakale. M'chaka cha 303 mfumu ya Roma, Diocletian, inalamula kuti mabuku opatulika atenthedwe, ndipo atsogoleri ena a mpingo anawapereka chifukwa cha mantha. Chizunzo chitatha, gulu lina la kumpoto kwa Africa, lotsatira Donatus, linkati ubatizo wochitidwa ndi anthu otere ndi wopanda ntchito. Augustine, bishopu wa ku Hippo, anatsutsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kaya manja amene anathira madziwo anali oyera kapena akuda, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa mu 411 unagamula motsutsa gulu la Donatus. Mipingo yambiri imaphunzitsa zomwezo mpaka lero. Zimene Mulungu anachita mwa inu m'zaka zimenezo, mapemphero amene anayankhidwa, machimo amene munasiya, sizinachokere m'thumba la m'busayo, ndipo sangazilande.

Chachisanu: yambaninso kupemphera, pang'onopang'ono

Mwina pakadali pano simungathe kupemphera. Musadzikakamize kupemphera monga munkachitira kale, mokuwa ndi kwa maola. Bwerekani mawu a ena. Mwa Masalimo 150, ambiri ndi madandaulo. Salimo 13 likufunsa kanayi kuti kufikira liti. Salimo 55 ndi la munthu amene wamupweteka si mdani, koma mnzake amene ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu. Salimo 88 limathera mumdima, lopanda mawu otonthoza kumapeto, ndipo Mulungu analola kuti likhale m'buku la mapemphero a anthu ake. Werengani limodzi mokweza m'mawa kapena madzulo. Mphindi zisanu zakwana. Tsiku limene ngakhale zimenezo zakanika, Pemphero la Ambuye lilipo, kapena mawu a bambo uja pa Marko 9:24 amene anati akukhulupirira koma athandizidwe kusakhulupirira kwake.

Kenako tengani Uthenga Wabwino umodzi. Marko ndi waufupi, uli ndi mitu 16, ndipo mutu umodzi pa tsiku mumaliza m'masabata awiri ndi masiku awiri. Powerenga yang'anani chinthu chimodzi: Yesu akukalipira ndani, ndipo akufatsira ndani? Mudzaona kuti mawu ake owawa kwambiri amapita kwa atsogoleri achipembedzo, amene pa Mateyu 23 akuti amamanga akatundu olemera n'kusenzetsa anthu, iwo osawakhudza ngakhale ndi chala. Ngati Baibulo limene munkagwiritsa ntchito lili ndi mizere ndi zolemba za ziphunzitso zakale, bwerekani lina, kapena la kamasuliridwe kena, kuti mawuwo amveke atsopano.

Nkhani imene inandigwira ine ndi ya pa Yohane 9. Munthu wobadwa wosaona wachiritsidwa, atsogoleri akumupanikiza ndi mafunso, makolo ake akumukana pang'ono poopa kuchotsedwa m'sunagoge, iye akukana kunama, ndipo akumutaya kunja. Vesi 35 likuti Yesu atamva kuti amutaya kunja, anakamupeza. Kumeneko, kunja, n'kumene munthuyo anadziwira kuti womuchiritsayo ndani, n'kumugwadira. Mutu wotsatira ndi uja wa m'busa wabwino ndi wolembedwa ganyu amene amathawa akaona chilombo. Ndinali nditawerenga mitu iwiriyi kambirimbiri osaona kuti ndi yolumikizana.

Chachisanu ndi chimodzi: kukhululuka, pa nthawi yake

Khristu anatilamula kukhululuka, ndipo sindikuchotsapo kanthu. Koma pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza dala: kukhululuka, kukhulupiriranso, ndi kubwererana. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu, monga Aroma 12:19 akunenera, ndipo mukhoza kutero muli kutali, wolakwayo osadziwa n'komwe. Nthawi zambiri sikuchitika tsiku limodzi. Mumakhululuka lero, mkwiyo n'kubweranso Lachinayi, n'kuyambiranso. Kukhulupiriranso kumadalira zochita za winayo. Yosefe analira ataona abale ake, koma sanadziulule mpaka ataona Yuda akudzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini. Sauli atalira n'kuvomera kulakwa, iye anapita kwawo ndipo Davide anabwerera kumalo ake obisalako, sanamutsatire.

Kulapa kwenikweni kumaoneka. Munthu amatchula chimene analakwa osachichepetsa, amabweza zimene angathe monga Zakeyu analonjeza kubweza kanayi, amavomera chilango, ndipo sakukakamizani kuti muiwale msanga. Kupepesa kongoti ngati ndinakulakwirani, kotsatana ndi pempho loti musauze anthu, ndi kudziteteza chabe. Kukhululuka sikuchotsa mlandu kupolisi, ndipo sikukuletsani kuchenjeza ena.

Pali mbali ina yowawa. Ambiri a ife tinali m'gulu lomwelo. Tinasala amene anachoka tisanachoke ife, tinakanena anzathu kwa atsogoleri, tinakopa abale kuti abwere. Mukalimba pang'ono, lembani mayina a amene munawalakwira, mupepese kwa amene mungawafikire popanda kudziikira kumbuyo, ndipo muwalole kuyankha mmene angafunire, ngakhale kukhala chete.

Chachisanu ndi chiwiri: kubwerera pakati pa okhulupirira

Wina adzakuwerengerani Ahebri 10:25 yoti tisaleke kusonkhana. Vesi la pamwamba pake likunena cholinga cha kusonkhanako, kuti tilimbikitsane pa chikondi ndi ntchito zabwino. Kupuma kwa miyezi kuti bala lipole si kubwerera m'mbuyo. Komabe ndikuuzeni zoona: chikhulupiriro cha munthu wokhala yekha zaka ndi zaka chimafota, ndipo maulaliki a pa YouTube sadzabwera kudzakuonani mukadwala. Yambani ndi zazing'ono, monga kuwerenga ndi kupemphera ndi anthu awiri kapena atatu amene mumawakhulupirira.

Mukayamba kuyendera mipingo, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Kulandiridwa ndi manja awiri tsiku loyamba sikukuuzani kanthu, pakuti ngakhale kumene munachoka anakulandirani bwino. Khalani kumbuyo kwa miyezi ingapo, muziona. Ndalama amawerenga anthu angati, ndipo mpingo umauzidwa mmene zagwirira ntchito? M'busa akalakwa, alipo amene angamuimitse, amene si mkazi wake, m'bale wake kapena wolembedwa ntchito ndi iye? Amene anachoka amawanena bwanji pa guwa? Pali malamulo oteteza ana, oletsa munthu wamkulu kukhala yekha ndi mwana m'chipinda? Ulaliki umatsegula Malemba, kapena umazungulira pa maloto ndi kudzoza kwa mlaliki? Osauka ndi olemera amakhala mipando yofanana? Mafunso ena afunseni poyera kwa mkulu wa mpingo, muone nkhope yake. Yankho lake ndi lofunika, koma mmene walandirira funsolo ndi zofunika koposa.

Yeso lina losavuta ndi kukana. Akakupemphani ntchito, nenani mwaulemu kuti pakadali pano ayi. Mpingo wabwino umati chabwino, n'kupitiriza kukupatsani moni. Ndipo musafulumire kulandira udindo, ngakhale mutakhala ndi luso loimba kapena lophunzitsa. Amene tinazolowera kugula chikondi ndi ntchito timagwa msanga pamenepa. Nkhani yanu musaikhuthule yonse kwa m'busa watsopano sabata yoyamba. Muuzeni pang'ono, muone ngati zasungika. Mpingo wopanda zofooka simudzaupeza, koma wovomera kulakwa ulipo.

Pomaliza: mudziwa bwanji kuti mukukula?

Kumene munachoka mwina kukula ankakuyeza ndi kuchuluka kwa misonkhano, kukula kwa chopereka ndi kumvera kosafunsa. Muyezo wa pa Agalatiya 5:22-23 ndi wina: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, chifundo, ubwino, kukhulupirika, kufatsa ndi kudziletsa. Pakatha miyezi itatu iliyonse tsegulani kope lija muone. Kodi ndikutha kunena zoona kwa Mulungu osaopa? Kodi a m'nyumba mwanga akundiona wofatsirapo? Kodi ndikutha kumva dzina la munthu uja tsiku lonse osawonongeka? Masiku obwerera m'mbuyo adzakhalapo, makamaka mukakumana ndi wa kumpingo wakale panjira. Konzeranitu chonena chachifupi, monga kuti ndili bwino, zikomo, za mpingo sindikambapo, kenako pitirizani ulendo.

Ine zinanditengera chaka ndi miyezi ingapo kuti ndidutse pakhomo lija. Ndinakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, ndipo ndinatuluka ulaliki uli pakati. Sabata yotsatira ndinafika mpaka pemphero lotsekera. Mayi wina wachikulire anandipatsa moni, anandisunthira buku la nyimbo, osandifunsa kumene ndinkapemphera kale. Nyimbo ija ndinadzayamba kuiimbanso patapita miyezi ina itatu, ndipo ndime yake yachiwiri mpaka lero ndimangoimvera ena akuimba.